Mtengo wa mnyamata amene sanasewerepo

Hockey ndinaiphunzirira pa sofa ya alandilodi. Nditangofika kuno ku Calgary, m'dziko la Canada, ndinkachita lendi chipinda chapansi pa nyumba ina ku Forest Lawn, ndipo eni nyumbayo, bambo achikulire omwe anapuma pa ntchito ya njanji, sankatha kuonera timu ya Flames ali okhaokha. Masewero akamayamba ankagogoda chitseko cha pamasitepe ndi ndodo yawo n'kukuwa kuti, "Mwana wanga, kwera kuno, ukutsalira!" Miyezi yoyambirira ndinkangoona anthu akuterereka pa ayezi n'kumawombana m'matabwa a m'mbali mwa bwalo. Puck, kachimphira kakuda kaphwatalala komwe amalimbirana kaja, sindinkakaona n'komwe. Bambowo anandiuza kuti ndisavutike n'kukafunafuna. "Uziyang'ana nambala 12. Komwe akulowera iyeyo, nakonso kakupita komweko."

Nambala 12 anali Jarome Iginla, kaputeni wa timuyo. Anabadwira ku Edmonton, koma bambo ake anachokera ku Nigeria. Chimenechi chinandikoka mtima kwambiri. Munthu wakuda, chilembo C chili pachifuwa, anthu oposa 19,000 m'bwalo la Saddledome akuimba dzina lake. Ndinali mlendo, kuzizira kukundizunza, ntchito ili yausiku, koma ndikamuona iye ndinkamva kuti mzinda uno ungathe kundilandira.

Zomwe zimandikanika kuiwala ndi usiku umene anamugulitsa, ndi funso limene bambo aja anandipatsa usiku womwewo.

## Kuno wosewera sagulidwa ndi ndalama

Ife tinazolowera za mpira wamiyendo, komwe timu yolemera imangotulutsa ndalama n'kutenga wosewera amene yamufuna. Mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ya ku Canada ndi America, sizitero. Kuyambira 2005 timu iliyonse ili ndi malire a ndalama zomwe ingalipire osewera ake onse pamodzi, ndipo ndalama zogulira munthu siziloledwa. Ukafuna katswiri wa anzako, uyenera kupereka munthu kapena mwayi wosankha pa draft. Draft ndi msonkhano wa chaka ndi chaka komwe matimu amasankha anyamata a zaka 18 mosinthanasinthana, maraundi 7, ndipo matimu omwe sanachite bwino ndiwo amayamba.

Choncho chakumapeto kwa sizoni msika umagawika pawiri. Timu yomwe ikununkhiza chikho cha Stanley Cup imafuna munthu wokhwima woti agwire ntchito lero. Timu yomwe yaona kuti chaka chino palibe chake imapereka munthu wotereyo n'kulandira anyamata omwe ambiri aife sitinawaonepo akusewera. Ndipo katswiri amene kontirakiti yake ikutha, ukapanda kumugulitsa, amachoka yekha osakusiyira kanthu.

## Lachitatu, 27 Marichi 2013

Sizoni imeneyo inayamba mochedwa, mu Januwale, chifukwa cha mkangano wa ndalama pakati pa eni matimu ndi osewera, moti timu iliyonse inangosewera masewero 48 m'malo mwa 82. Flames inali kumunsi. Iginla anali ndi zaka 35, kontirakiti yake ya madola 7 miliyoni pachaka ikutha sizoni yomweyo. Mzinda wonse unkadziwa komwe zinkalowera, koma tinkalankhula ngati n'za mawa.

Madzulo a tsikulo timu inali pakwawo, ikukumana ndi Colorado Avalanche. Nditakwera pamwamba ndinapeza bambo atavala jezi yawo yakalekale, yofiira, nambala 25 kumsana itayamba kumatuka m'mbali. Sankaivala wamba jezi imeneyi. Wailesi yawo yaing'ono inali pa thebulo ikulankhula, TV nayo ikulankhula, iwo ali pakati osayang'ana kulikonse. Nkhani inali itamveka kale kuti Iginla sasewera. Sanavulale, sankadwala. Timu ikamukhazika pansi munthu wotere ali bwinobwino, ndiye kuti ikuopa kuti angavulale malonda asanathe.

Masewerowo sindikuwakumbukira bwino, ngakhale kuti Flames inapambana. Maso anga anali pa foni. Atolankhani anayamba kulemba kuti zatheka, akupita ku Boston Bruins, ndipo anatchula ndi mayina omwe a anyamata obwera kuno, Matt Bartkowski ndi Alexander Khokhlachev. M'bwalo anthu ankaimba kuti "Iggy, Iggy", kuimbira munthu yemwe sanali pa ayezi. Bambo anatenga envelopu ya bilu ya magetsi, n'kuitembenuza, n'kulemba mayina awiriwo kumbuyo kwake ndi dzanja lonjenjemera.

Masewero anatha, ife osadzuka. Usiku kwambiri mkulu woyendetsa timu, Jay Feaster, anaonekera pamaso pa atolankhani n'kunena kuti Iginla wapita ku Pittsburgh Penguins. Osati ku Boston. Kontirakiti yake inali ndi mfundo yoti sangasamutsidwe iye asanavomere, ndipo iye anasankha kukasewera ndi Sidney Crosby, katswiri wa Pittsburgh, mnzake uja amene Iginla anamupatsira puck ya chigoli cha golide pa Olympics ya ku Vancouver mu 2010.

Bambo anafufuta mayina oyamba aja.

"Werenga atsopanowo, pang'onopang'ono."

"Ben Hanowski. Kenny Agostino. Ndi mwayi wosankha mu raundi yoyamba chaka chino."

"Ali kuti anyamatawa?"

"Akadali ku koleji, Bambo. Wina ku St. Cloud State, wina ku Yale."

"A Pittsburgh anawatola raundi yanji?"

Ndinafufuza pa foni. "Hanowski yachitatu, mu 2009. Agostino yachisanu, mu 2010."

Anaika cholembera pansi. Anakhala chete nthawi yaitali ndithu, kenako anati, "Ndiye kuti a Pittsburgh agona tulo tabwino usiku uno."

Ine ndinayesa kuwalimbitsa mtima. Ndinati komabe talandira zinthu zitatu pa munthu mmodzi, mwina chimodzi chidzapsa. Anapukusa mutu.

"Mwana wanga, ukamva kuti tapereka katswiri n'kulandira mwana, usawerenge mitu. Usadandaulenso kuti mwanayo sukumudziwa, sungamudziwe, ngakhale ine sindimudziwa. Funsa chinthu chimodzi: kodi operekawo zawawawa? Akamupereka akumwetulira, palibe chomwe wanyamula."

Ndinawafunsa kuti akudziwa bwanji. Anagwira jezi yawo pachifuwa n'kunena kuti, "Chifukwa uyu atachoka ndinatukwana mlungu wathunthu, ndipo amene ndinkamutukwanayo ndi yemwe tikumulira leroyu."

Tinagona mbandakucha.

## Nambala 25

Mwini nambala 25 anali Joe Nieuwendyk. Nayenso anabwera ku Calgary kudzera pa khomo lomweli. Mu 1985 timu inapereka Kent Nilsson, munthu wa ku Sweden yemwe anapanga mapointi 131 (zigoli zake kuphatikiza zomwe anathandizira anzake kugoletsa) mu sizoni ya 1980-81, mbiri yomwe palibe wa Flames anaiphwanya mpaka lero, n'kulandira mwayi wosankha kawiri mu raundi yachiwiri kuchokera ku Minnesota North Stars. Ndi mwayi woyambawo anasankha mnyamata wa ku yunivesite ya Cornell, pa nambala 27. Anthu anakwiya, ndipo nyuzipepala ina ya mumzinda muno inafunsa pa mutu wa nkhani kuti Joe ameneyu ndani. Joe ameneyo anagoletsa zigoli 51 m'sizoni yake yoyamba yathunthu, 51 zinanso chaka chotsatira, ndipo mu 1989 anali m'gulu lomwe linabweretsa chikho chokhacho chomwe Calgary inatengapo, atagonjetsa Montreal Canadiens.

Zaka za m'ma 1990 zinali zowawa kwa matimu a m'mizinda ing'onoing'ono ya ku Canada. Matikiti ankagulitsa m'madola a kuno, omwe mphamvu yake inali itatsika, koma akatswiri ankafuna malipiro ofanana ndi a ku America. Timu ya Quebec inasamukira ku Denver mu 1995, ya Winnipeg inapita ku Phoenix mu 1996. Calgary inatsala, koma inkathothoka nthenga imodziimodzi: Doug Gilmour, Al MacInnis, goloboyi Mike Vernon, onse anapita. Pofika kumapeto kwa 1995, Nieuwendyk, yemwe anali kaputeni, anali asanasewereko sizoni imeneyo chifukwa chosagwirizana ndi timu pa kontirakiti.

Pa 19 Disembala 1995, Al Coates, yemwe anali atangolandira kumene udindo woyendetsa timu, anamutumiza ku Dallas Stars. Analandira Corey Millen, wosewera wamba, ndi mnyamata wa zaka 18 wa timu ya achinyamata ya Kamloops Blazers, yemwe anali asanapondeko ayezi wa NHL. Dzina lake Jarome Iginla.

Apa m'pamene funso la bambo lija limagwira ntchito. Nieuwendyk anali ndi zaka 29, akadali m'chimake. Iginla sanali mwana wotoledwa kumapeto. Dallas inali itamusankha pa nambala 11 pa draft ya chaka chomwecho, miyezi yosakwana 6 m'mbuyomo. Anali woyamba pa onse omwe inawasankha, atatenga kale chikho cha achinyamata cha Memorial Cup kawiri, mu 1994 ndi 1995. Bob Gainey, yemwe ankayendetsa timu ya Dallas, anapereka chinthu chomwe anali atangochilandira kumene, asanachilawe n'komwe. Patangopita masiku ochepa, mnyamatayo anapita ku mpikisano wa dziko lonse wa achinyamata n'kuthandiza Canada kutenga golide, iye ali m'gulu la opanga mapointi ambiri. Ndikhulupirira kuti ku Dallas alipo anameza malovu movutikira poonera zimenezo.

## Ngongoleyo anailipira ndani?

Anthu amakonda kufunsa kuti pa msinthano wakutiwakuti anapambana ndani. Wa 1995 uja sulola kuyankhidwa choncho.

Dallas inapeza chomwe inkafuna. Mu 1999 inagonjetsa Buffalo Sabres n'kutenga Stanley Cup, ndipo Nieuwendyk ndi amene anapatsidwa Conn Smythe, mphoto ya wosewera wopambana onse mu ndime ya chipulula. Anagoletsa zigoli 11, ndipo 6 mwa izo ndi zomwe zinapambanitsa masewero. Chikho chimenecho n'chokhacho chomwe timuyo ili nacho. Palibe munthu wa ku Dallas wa nzeru zake angafune kuchibweza kuti abwezeredwe Iginla. Akuluakulu anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo Dallas inafwenkha wake.

Calgary nayo inapeza munthu amene anadzakhala nkhope ya mzinda. Masewero 1,219, zigoli 525, mapointi 1,095, zonsezi palibe wa Flames anafikapo. Mu 2002 anagoletsa 52 n'kutsogola ligi yonse pa zigoli ndi pa mapointi pomwe, munthu wakuda woyamba kuchita zimenezo. Mu 2004, ali kaputeni, anakoka timu yomwe palibe ankaiwerengera n'kudutsa Vancouver, Detroit ndi San Jose, mpaka kukagwa pa masewero achisanu ndi chiwiri, omwe ndi omaliza a fainolo, ndi Tampa Bay Lightning, 2-1. Anthu a kuno mpaka lero amakangana za puck ya Martin Gelinas wa Flames pa masewero achisanu ndi chimodzi, ngati inadutsa mzere wa golo kapena ayi. Ndipo amene ankayendetsa Tampa Bay chaka chimenecho anali Jay Feaster yemweyo.

Koma pakati pa 1995 ndi 2004 pali dzenje lomwe ofotokoza nkhaniyi amalidumpha. Kuyambira 1997 mpaka 2003, masizoni 7 otsatizana, Flames sinalowe mu ndime ya chipulula. Bambo ankandiuza za zaka zimenezo nkhope itagwa. Mipando yopanda anthu, mphekesera zoti timu isamuka, iwo akutuluka ku ntchito n'kukwera C-Train, sitima ya mumzinda, pa chisanu choopsa kukaonera timu yoti akudziwa kale kuti igonja. Ana awo anakula m'zaka zimenezo, ndipo onse awiri hockey alibe nayo chidwi mpaka pano. Ankanena zimenezi mopanda kuseka.

Sikuti msinthano umodzi ndi womwe unabweretsa zaka 7 zonsezo. Koma mtengo wa mnyamata amene sanasewerepo suthera pa dzina la katswiri amene waperekedwa. Palinso zaka zodikira, ndipo zimenezo salipira mkulu wa timu, yemwe kawirikawiri amakhala atachotsedwa ntchito mwanayo asanakhwime. Coates anachoka mu 2000, Iginla asanafike pachimake. Olipira ndi anthu okhala m'mipando ija. N'chifukwa chake sindimvana ndi anthu omwe amanena mopepuka kuti gulitsani onse tiyambirenso, ngati kuti zaka za munthu wa zaka 70 ndi zaka za timu n'zofanana.

## Mlungu wotsatira, ku Washington

Patangotha masiku 7 Iginla atapita, pa 3 Epulo 2013, tsiku lotseka msika, Washington Capitals inachita zomwe Dallas inachita mu 1995. Inkafuna thandizo la lero kuti katswiri wake Alex Ovechkin apeze chikho, choncho inatenga Martin Erat, wa zaka 31, pamodzi ndi Michael Latta kuchokera ku Nashville Predators. Inapereka mnyamata mmodzi yekha wa ku Sweden, wa zaka 18, Filip Forsberg. Nayenso anali atasankhidwa pa nambala 11, chaka chisanathe.

Nditawauza bambo, sanadikire kuti ndimalize. "Amenewo ndiye zawawawa. Nashville yagula bwino."

Erat anagoletsa zigoli 2 zokha pa masewero 62 omwe anasewerera Washington, kenako anapempha yekha kuti achoke. Forsberg anathandiza Nashville kufika fainolo ya 2017, ndipo lero ndi amene ali ndi zigoli zambiri m'mbiri yonse ya timuyo. Kusiyana kwa Washington ndi Dallas sikunali pa zomwe anapereka. Onse anapereka mwana wawo woyamba. Kusiyana kunali pa amene analandira: Nieuwendyk anali munthu wogoletsa 50 yemwe anatengapo kale chikho, pomwe Erat anali wosewera wabwino chabe. Ngati ukudula chiwalo chako, wolandiridwayo akhale woti angasinthedi mathero a sizoni.

Nanga atatu athu aja? Hanowski anabwera, anagoletsa kamodzi, kenako anakasewera ku Germany. Agostino anayendayenda m'matimu ambiri. Mwayi wosankha uja unagwera pa nambala 28, ndipo unabweretsa Morgan Klimchuk, mwana wokulira muno mu Calgary, yemwe anasewera masewero amodzi okha a NHL. Onse atatu pamodzi sanafike masewero 30 atavala jezi ya Flames. Sindikuwanyoza anyamatawa. Kufika pomwe anafikapo n'kovuta kuposa momwe ife oonera timaganizira, ndipo sanadzisankhe okha kuti mayina awo alembedwe pafupi ndi la Iginla.

Pittsburgh inali ndi ana ake enieni. Chaka cha m'mbuyo mwake inali itasankha otchinga kumbuyo awiri mu raundi yoyamba, Derrick Pouliot pa nambala 8 ndi Olli Määttä pa nambala 22. Onsewa sanakhudzidwe. Funso la bambo silolosera, pakuti Määttä anadzatenga zikho ziwiri ndi Pittsburgh koma Pouliot sanakule kufika pomwe ankayembekezeredwa. Mwana wa zaka 18 ndi mwana basi, akhoza kuvulala bondo, akhoza kulephera liwiro la akuluakulu. Chomwe funsolo limakuuza n'chakuti anthu omwe amamudziwa bwino mnyamatayo, omwe anamuyendera, kumuyeza ndi kulankhula ndi makochi ake, amamuika pati. Iwo ali ndi maso omwe ife tilibe. Akamukakamira, pali chifukwa. Akamutaya mosavuta, palinso chifukwa.

## Chifukwa chake Feaster analibe pogwira

Usiku uja ndinamukwiyira Feaster, koma pofika lero ndimaona kuti anapita kumsika manja atamangidwa. Ankagulitsa munthu wa zaka 35, wotsala ndi milungu yochepa pa kontirakiti, yemwenso anali ndi mphamvu yokana timu iliyonse. Iginla atangotchula Pittsburgh, wogula anatsala mmodzi. Wogula akakhala mmodzi, mtengo amatchula ndi iyeyo.

Tsiku loyenera kuyeza nkhaniyi linali litadutsa kale. Itatha fainolo ya 2004, Flames inatuluka mu raundi yoyamba zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 2006 mpaka 2009, kenako inayamba kuphonyeratu. Chaka chilichonse akuluakulu a timu ankaonjezera wachikulire wina, n'kumati tatsala pang'ono. Mu sizoni ya 2010-11 Iginla anagoletsa zigoli 43 ali ndi zaka 33, timu n'kukhalabe kunja. Chilimwe chimenecho anali ndi zaka ziwiri zotsala pa kontirakiti. Akanakhala naye pansi n'kumuuza chilungamo, iye n'kuvomera, matimu angapo akanapikisana, ndipo ina mwa iwo ikanatulutsa mwana wake woyamba ikulira.

Mfundo imeneyi imandipweteka kuinena, chifukwa zaka zomwe akuti timu inazitaya ndi zomwe ine ndinakondera masewerowa. Pa 7 Januwale 2012 ndinali m'bwalo, pamwamba penipeni pomwe denga la Saddledome limatsikira, ndi tikiti yomwe bambo anandipatsa chifukwa miyendo yawo sinkathanso masitepe. Iginla anali ndi zigoli 499. Anaponya puck kuchokera m'mbali, inagunda nsapato ya Mikko Koivu wa Minnesota Wild n'kulowa. Sichinali chigoli chokongola. Koma bwalo lonse linaimirira, mzimayi wina yemwe sindimamudziwa anandikumbatira, misozi ili mbwembwembwe, ndipo ine ndinakuwa mpaka mawu anatha. Akanagulitsidwa mu 2011, usiku umenewo bwenzi uli wa mzinda wina.

Komabe mukandifunsa, ndikuti akanamulola kupita mu 2011. Sindikunenera timu yokha, ndikunenera iyenso. Ku Pittsburgh anafika mochedwa. Timu yodzaza ndi akatswiri ija inakumana ndi Boston yomwe anaikana ija mu semifainolo, n'kugonja masewero onse anayi, itagoletsa zigoli 2 zokha. Chaka chotsatira anapita ku Boston komweko, kenako ku Colorado, n'kumalizira ku Los Angeles. Anasiya kusewera ali ndi zigoli 625 ndi mapointi 1,300, mamendulo awiri a golide a Olympics, koma dzina lake palibe pa Stanley Cup. Nieuwendyk, yemwe anachoka ali ndi zaka 29, anatenga chikhocho katatu ndi matimu atatu osiyana, chomaliza ndi New Jersey mu 2003. Tinamukonda Iginla, ndipo chifukwa chomukonda tinamusunga mpaka nthawi yake yopezera chikho inatsala pang'ono kutha. Jezi yake inakwezedwa kudenga la Saddledome mu Marichi 2019, ndipo mu 2020 anasankhidwa kulowa mu Hockey Hall of Fame, gulu laulemu la akatswiri a masewerowa. Ulemu wonsewo ndi womuyenera. Ine ndikanakonda akanakhalanso ndi mphete yomwe amalandira otenga Stanley Cup.

## Ulendo uno sanadikire

Mu 2023 udindo woyendetsa timu unapita kwa Craig Conroy, yemwe ankasewera pakati pambali pa Iginla, amenenso anamusiyira ukaputeni mu 2003. Iginla anabwerera ngati mlangizi wake. Anthu awiriwa anaona ndi maso awo zomwe kudikira kunachita. Sizoni ya 2023-24 ili mkati, atazindikira kuti osewera akuluakulu angapo sasainanso, anayamba kuwatulutsa mmodzimmodzi: Elias Lindholm ku Vancouver, Chris Tanev ku Dallas, Noah Hanifin ku Vegas, ndipo mu Juni goloboyi Jacob Markström anapita ku New Jersey.

Wa Lindholm ndi umene ndinaukhalira pansi, pa 31 Januwale 2024. Mayina anali ambiri: Andrei Kuzmenko, Joni Jurmo, Hunter Brzustewicz, ndi mwayi wosankha kawiri, umodzi wa raundi yoyamba. Pa wailesi anthu ankasangalala kuti zinthu zisanu pa munthu mmodzi. Ine ndinafufuza kaye amene Vancouver inatsala nawo. Inali ndi Jonathan Lekkerimäki, yemwe inamusankha pa nambala 15 mu 2022, ndi Tom Willander, wotchinga kumbuyo yemwe inamusankha mu 2023 pa nambala 11. Onse awiri anatsala kwawo. Brzustewicz anali wa raundi yachitatu, ngakhale kuti chaka chimenecho ankapanga mapointi ochuluka zedi ku Kitchener Rangers ndipo mtengo wake unali ukukwera. Ndinaona kuti Vancouver inamva kuwawa pang'ono, osati kofika pafupa. Si 1995, komanso si 2013. Lindholm anakhala ku Vancouver miyezi yochepa chabe, n'kukasaina ku Boston chilimwe chomwecho, zomwe zikutanthauza kuti akanachokanso kuno osasiya kanthu. Mwayi wa raundi yoyamba uja unagweranso pa nambala 28, ndipo ulendo uno unabweretsa mnyamata wa ku Russia, Matvei Gridin.

Ubwino wake masiku ano timu yachiwiri ya Flames, Calgary Wranglers, imasewerera mu Saddledome momwemo kuyambira 2022, ndipo matikiti ake ndi otsika mtengo. Anyamata omwe kale tinkangowerenga mayina awo tsopano tikhoza kukawaona. Sizoni ya 2024-25 ndinapita kangapo kukamuonera Brzustewicz. Ndimagula mpando wa kumbuyo kwa golo yomwe Wranglers imatchinga kawiri pa magawo atatu a masewero, chifukwa kupatsira puck pamalo potakasuka aliyense wa msinkhu umenewo amatha. Chomwe ndimafuna kuona n'chakuti amatani munthu wa zaka 30 akamukanikizira pakona, ndodo ili m'nthiti, mnzake wina akubwera kumbuyo. Masewero ena ankataya puck pamenepo. Ena ankadikira kamphindi, n'kuitulutsa mwaukhondo kwa mnzake wa pakati. Anali ndi zaka 20 zokha, ndipo sizoni ikamapita kumapeto ndinaona kuti zachiwirizo zinkachuluka.